A Chikoti ndi Miluza Itatu

Kuyambira pa Nsaru mpaka kukafika ku Kabudula, mlimi akafuna kudziwa ngati fodya wake akagulidwe bwino ku okushoni, ankatumiza uthenga kwa a Yesaya Chikoti. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, wosachedwa kuseka, ndipo zala zawo zinada ndi utomoni wa fodya moti sopo anazilephera kalekale. Akalowa m'chigafa cha munthu sankataya nthawi ndi moni wautali. Ankasolola tsamba limodzi, kulitambasula padzuwa, kulinunkhiza, kenako n'kunena mosapsatira kuti, "Uyu mumuyanikenso achimwene, mukapita naye chonchi akubwererani." Amene ankanyozera mawu awo, belo lake linkabwereradi, ndipo ankachita manyazi kudutsa pakhomo pawo.

Anabadwa m'chaka cha 1953, mwana woyamba wa a Nasoni, omwe anali mkulu wa mpingo. Sukulu anailekeza Sitandade 6, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa bambo awo anamwalira mwadzidzidzi m'nyengo yokolola. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anapita kukalowa ntchito pa esiteti ina kufupi ndi Kasiya, pakati pa matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kapitawo wa m'shedi yosankhira fodya anali a Hilario, mkulu wa ku Phalombe wosaseka ndi munthu, ndipo tsiku loyamba lomwelo anamugwira mnyamatayo paphewa n'kumupatsa lamulo.

"Tsamba ukalikayikira, taya," anatero a Hilario. "Usalisunge, usalipempherere. Tsamba limodzi la chuku likabisala m'belo, belo lonse libwerera. Kumunda masamba alipo ambirimbiri."

Lamulo limeneli a Chikoti analimeza lonse. Anagwira ntchito pa esitetiyo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo panalibe belo lomwe linabwerera chifukwa cha manja awo. Atabwerera kumudzi kukalima wawo fodya, anabwera nalo lamulolo n'kumaligwiritsa ntchito pa chilichonse. Mbewu ya mtedza ikakayikitsa, kutaya. Dzira likagwedezeka, kutaya. Mbuzi ikatsokomola kawiri, mawa lake ili pamsika. Akazi awo, a Ezeliya, ankakonda kuuza anzawo ku chigwirizano cha amayi kuti iwo anachita mwayi poti tsiku lodzafunsira mbeta analibe chimfine.

A Chikoti ndi a Ezeliya anabereka ana aamuna atatu, koma anawo, monga mwa chikhalidwe, anali a kwa amayi awo ku Nambuma, ndipo olamula za iwo anali alongo a a Ezeliya. Mbumba yeniyeni ya a Chikoti inali yochepa momvetsa chisoni: mlongo wawo mmodzi, Ethel, ndi mwana wake wamkazi mmodzi, Yunisi. Ethel anamwalira Yunisi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo a mwanayo atasowa kale osadziwika kolowera. A Chikoti anamutenga mtsikanayo tsiku la maliro lomwelo. Ankamukweza panjinga kupita naye kusukulu mvula ikagwa, ankamufunsa masamu omwe iwo eni sankawadziwa, ndipo tsiku lomwe Yunisi analandira satifiketi ya uphunzitsi anavina pabwalo mpaka akulu ampingo anzawo kuyang'ana kumbali. Banja lonse la amayi awo linali litatsalira mwa mtsikana ameneyu. Akapanda kusiya mwana iye, mbumba ya a Chikoti yathera pomwepo.

Yunisi anakwatiwa ndi Caleb, mphunzitsi mnzake wa ku Mpingu, munthu wofatsa woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iye. Mwana wawo woyamba, Kelvin, anabadwa wonenepa bwino. Atakwana miyezi isanu ndi iwiri anayamba kulira kosatonthola, timanja n'kutupa, maso n'kuchita chikasu. Ku chipatala cha Kabudula anamuwonjezera magazi, nakhala bwino, kenako zinabweranso. Atamutumiza ku chipatala chachikulu m'tauni, madokotala anati ndi sikoselo, matenda a magazi obadwa nawo. Anawafotokozera kuti munthu aliyense amatenga magazi mbali ziwiri, ina kwa bambo, ina kwa mayi. Wotenga mbali imodzi yodwala ndi ina yabwino sadwala, amangonyamula, ndipo Yunisi ndi Caleb onse awiri anali otero. Koma mwana akatenga mbali yodwala konsekonse, ndiye amavutika chonchi.

Kelvin anamwalira ali ndi zaka zinayi. Thandiwe, yemwe anabadwa pambuyo pake anthu akunena kuti mphezi yoteroyo singabwerenso pakhomo pomwepo, anamwalira ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Maliro onse awiri anayendetsa a Chikoti, poti mwini mbumba ndi iwo. Ndi iwo anakauza amfumu, ndi iwo anaitana adzukulu okumba manda, ndi iwo anayeza mtembo ndi chingwe kuti kalipentala adule matabwa. Bokosi la Thandiwe analinyamula okha m'manja kuchokera m'nyumba kufika panja, chifukwa silinkafuna anthu awiri. Atabwera kumanda anauza a Ezeliya kuti, "Ine bokosi laling'ono sindidzayezanso. Mulungu andikhululukire, koma sindidzayezanso."

Pakamwa pa anthu, inu mukudziwa. Achibale a Caleb ankati magazi a kwa Chikoti ndi owola, mnyamatayo akwatire kwina. A kumudzi kuno ankati vuto labwera ndi mkamwini. Ena, omwe m'tchalitchi amakhala mpando wakutsogolo, ankanong'ona kuti malume wolemera ndi fodya chonchija pali chomwe akudziwa. A Chikoti anazimva zonse, ndipo zinawapweteka kwambiri, ngakhale ankaseka. Caleb sanachoke. Iye ndi Yunisi anangotseka, osafunanso mimba, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri Yunisi ankadzuka m'mawa uliwonse kukaphunzitsa ana a anthu ena Sitandade 1, kuwapukuta mamina, kuwamangira mabatani, n'kubwerera kunyumba kopanda phokoso.

Nkhani ya ku Joni inabwera ndi Harrison, mkulu wake wa Caleb, yemwe ankayendetsa galimoto ya chipatala china kumeneko. Atabwera patchuthi cha Khirisimasi, Yunisi ndi Caleb anamutengera kwa a Chikoti kuti akafotokoze yekha. Harrison anati kumeneko madokotala amatenga mazira a mkazi ndi mbewu ya mwamuna n'kuzikumanitsa m'kambale. Pakapita masiku atatu pamakhala miluza, kutanthauza poyambira penipeni pa mwana, kanthu kosaoneka ndi maso, ka maselo asanu ndi atatu okha. Pa mluza uliwonse amachotsapo selo imodzi n'kuiyeza. Umene wapezeka wopanda matenda ndi umene amaubwezera m'mimba mwa mayi.

A Chikoti anamvetsera atatsamira kutsogolo, maso ali gwa.

"Ndiye kuti kumenekonso kuli anthu osankha?" anafunsa.

"Alipo amalume," anayankha Harrison. "Kungoti awo amasankha ndi makina."

"Kusolola limodzi, kuona, n'kudziwa zonse."

"Ngati momwemo."

A Chikoti anaseka kwa nthawi yoyamba pa nkhani ya ana a Yunisi. Ichi chinali chinthu chomwe ankachimvetsa, ntchito ya manja awo yomwe. Akulu ampingo anzawo ena anadandaula kuti uku n'kulowerera ntchito ya Mlengi, koma iwo anawayankha kuti amene sanayezepo mwana ndi chingwe ayambe wakhala chete. Anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zapangolo pamodzi ndi ngolo yomwe, Harrison anathandizapo, aphunzitsi awiriwo anapempha tchuthi, ndipo m'mwezi wa Meyi anakwera basi. Yunisi anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Dokotala atamuyeza anamuuza mosabisa kuti mazira ake atsala ochepa kwambiri, ndipo ulendo umenewu ukhala woyamba ndi womaliza.

Miluza inapezeka inayi. Umodzi unaoneka wabwino, itatu inaonetsa matenda. Wabwinowo anauika m'mimba, itatuyo anaisunga mozizira kwambiri, ndipo kwa milungu iwiri a Ezeliya ankasala kudya mpaka masana. Koma mluzawo sunagwire. Yunisi anatumiza uthenga wa mawu atatu okha pafoni, ndipo a Chikoti atauwerenga anapita kuseri kwa khola lopanda ng'ombe lija n'kukaimako nthawi yaitali.

Patapita masiku anayi foni inalira m'mawa, iwo ali m'chigafa, atakhala pa kampando, mulu wa fodya uli pamiyendo. Kunali kuzizira kwa Juni, kuja kolowa m'mafupa. Anali Yunisi.

"Amalume, pali nkhani yofuna inu," anatero. Mawu ake anali osasa, koma ankayankhula mwadongosolo ngati ali m'kalasi. "Ndi za miluza itatu yatsala ija. Adokotala akuti tisankhe tisanabwerere."

"Yodwala ija?"

"Akuti sakutsimikiza kuti yonse ndi yodwala. Akuti m'selo imodzi zoyeza zimakhala zochepa kwambiri, ndiye nthawi zina makina amaona mbali imodzi yokha ya magazi, inayo osaoneka. Ngati yomwe yabisala ndi yabwino, mluza wongonyamula ngati ine umaoneka ngati wodwala. Akutinso mwa miluza inayi ya anthu ngati ife, kawirikawiri wodwala umakhala umodzi. Itatu yawachulukira."

"Ndiye akufuna chiyani?"

"Pali njira ziwiri. Tikhoza kuisunga, kenako adzaisungunule, ikule masiku awiri, adzachotsepo maselo angapo n'kuyezanso. Koma akuti ina ikhoza kufa posungunula, ndipo ngakhale kuyeza kwachiwiriko sangalumbire kuti n'kosalakwa. Njira ina ndi yoti tiwasiyire. Akaiphwanya yonse n'kuiyeza bwinobwino kuti aone ngati makina awo ananena zoona, koma ikatero ndiye yatha."

A Chikoti anafunsa kuti bambo a Kelvin akuti bwanji. Panamveka kusuntha, kenako mawu a Caleb, aulemu monga mwa masiku onse.

"Amalume, ine ndine mkamwini chabe. Ana ndi anu. Mukati tisunge, tisunga. Mukati tisiye, tisiya."

Apa pokha tinene zoona, ulemu wa Caleb unapitirira muyeso. Munthu amene anakhala ndi dokotala maso ndi maso, amene anamva zonse ndi makutu ake, kuponyera nkhani kwa nkhalamba yokhala m'chigafa kutali kuno, yosaonapo ngakhale chithunzi cha mluza! Koma analeredwa choncho, ndipo akanalamula yekha zinthu n'kulakwika, mudzi wonse ukanamufunsa kuti anapatsidwa ndi yani mphamvu pa mbumba ya eni. Yunisinso chimodzimodzi. Chibadwire sanapangepo chinthu chachikulu osamva kaye kwa amalume ake, ndipo amalume akewo anali asanamusocheretsepo.

Foni itabwerera kwa Yunisi, a Chikoti anayamba kumufunsa mafunso monga ankachitira posankha fodya.

"Selo anayezayo anaitenga pa mluza womwewo?"

"Pomwepo amalume."

"Sanasokoneze ndi ya wina?"

"Ayi."

"Ndipo inaonetsa matenda."

"Inde, koma akuti mwina..."

"Mwina ameneyo ndi amene anatipatsa Thandiwe," anadula a Chikoti. "Tinati mwina uyu akhala bwino. Iwe Yunisi, tamvera. Dokotala wakoyo akukayika, eti? Kuyeza koyamba akukayika, kwachiwirinso akuti sangalumbire. Chinthu chokayikitsa sitisunga. Ukasunga, mtima ukakamira, udzawauza kuti ikani, ndipo udzanditumanso kwa kalipentala. Asiyire."

A Chikoti ankamva kupuma kwa Yunisi pafoni.

"Amalume, ndilibe ena," anatero Yunisi chapansipansi.

"Ndikudziwa mwanawe. Asiyire."

"Chabwino amalume."

A Chikoti anabweza foni m'thumba n'kupitiriza kusankha, koma anang'amba masamba awiri abwinobwino. Sanalamule mwankhanza ayi. Analamula ndi mantha, komanso ndi lamulo lomwe linali lisanawanamizepo kwa zaka zoposa makumi anayi. Chomwe sanachiganizire n'chakuti lamulo la a Hilario linali ndi mchira wake, wakuti kumunda masamba alipo ambirimbiri. Kwa Yunisi kunalibe munda wina, kunali itatu yomweyo basi.

Masana atawafotokozera a Ezeliya, mayiwo anasiya kupeta n'kuwayang'ana.

"Mukanamufunsa mwini wake kuti mtima wake ukuti chiyani," anatero.

"Wandifunsa ndi iye."

"Wakufunsani chifukwa ndinu amalume ake. Si kuti analibe yankho."

A Chikoti anakwiya, ananena kuti akazi amakonda kulira maliro asanachitike, natuluka kupita kumunda kopanda chokachita.

Yunisi ndi Caleb anabwerera kumapeto kwa mwezi womwewo. Anabwera kudzapereka moni, anabweretsa bulangete ndi shuga, anathokoza chifukwa cha ng'ombe zija. Palibe anatchula za miluza. Yunisi anabwerera kusukulu yake, ndipo Lamulungu lililonse a Chikoti ankamuona ku tchalitchi mbali ya amayi, akuimba ndi anzake, wowonda pang'ono koma woongoka. Mumtima ankati mwana uja wapulumuka, ndamupulumutsa. Fodya wawo chaka chimenecho anagulidwa bwino, ndipo anayamba kufunsa mitengo ya ng'ombe.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Chikoti anali kudimba akuthirira nazale ya fodya. Anamva njinga yamoto ikuima kumsewu, ndipo atadzutsa mutu anaona Yunisi akutsika yekha, pakati pa sabata, nthawi ya sukulu. Anavala chitenje chakuda ndi mpango kumutu. Anayenda m'kanjira ka pakati pa mabedi, ndipo atafika pafupi sanapereke dzanja. Anagwada pansi, pa dothi lonyowa, mtunda wa mapazi angapo, n'kuwomba m'manja mofatsa katatu.

A Chikoti anatula kheni. Kugwada kotero ankakudziwa.

"Kwagwanji? Bambo a Kelvin ali bwanji?"

"Ali bwino amalume, ali kusukulu. Ndabwera kudzakuuzani maliro. Mwini mbumba ndinu, sindingauze wina inu musanamve."

"Maliro a yani?"

Yunisi anatulutsa pepala lopinda m'chikwama. Anati tsiku losiya miluza lija anapatsidwa fomu, ndipo panali malo ofunsa ngati akufuna kudzauzidwa zomwe apeze. Caleb anati asalembe, koma iye analemba kuti inde. Yankho linafika kwa Harrison, ndipo Harrison analisunga mwezi wathunthu akuopa, kenako analitumiza ndi munthu wa basi. Kalatayo inali ya Chingerezi, ndipo Yunisi anaimasulira mzere ndi mzere, osathamanga, osalira. Madokotala anayeza maselo onse a miluza itatu ija. Iwiri inalidi ndi matenda, mbali zonse ziwiri. Wachitatu unali ndi mbali imodzi yodwala ndi ina yabwino. Pa kuyeza koyamba mbali yabwinoyo sinaoneke. Kumapeto analemba kuti akupepesa, ndipo akuthokoza chifukwa zimenezi ziwathandiza kukonza kayezedwe kawo.

"Wongonyamula," anatero Yunisi akupinda pepala. "Ngati ine, amalume. Ngati bambo ake."

Chinthu choyamba chomwe chinabwera m'mutu mwa a Chikoti, ndipo anachita nacho manyazi mpaka imfa yawo, chinali chakuti mwa itatu anakhoza iwiri. Mawuwo anafika pamilomo, anawameza. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, matope n'kulowa m'thalauza.

"Akanagwira?" anafunsa. "Mwina sakanagwira, ngati woyamba uja."

"Mwina sakanagwira. Mwinanso akanafa posungunula. Ndawerenga kalatayi kakhumi kufuna pamene alemba zimenezo, kuti mtima ukhale pansi. Sanalembe."

"Ungathe kupitanso? Ndili ndi fodya, ndili ndi dimba ili, ndigulitsa."

"Ndinafunsa kale. Akuti mazira anatha."

Mphepo yotentha inadutsa, udzu wophimba nazale n'kuchita phokoso. Kumsewu mwini njinga yamoto anali atakhala pamthunzi akudikira. A Chikoti anayang'ana mwana wa mlongo wawo, imvi zitayamba kutuluka m'mphepete mwa mpango, ndipo anafuna kuti awakalipire, awatukwane, awaponyere dothi kumaso. Zikanawapepukira. Koma Yunisi anangogwada pomwepo, manja ali pamiyendo, monga amachitira munthu wodzanena maliro.

"Anamuika kuti?" anafunsa a Chikoti. "Ndituma Harrison, abwere naye. Aikidwe kwathu, pafupi ndi abale ake."

"Palibe choika amalume. Anathera m'makina."

"Ngakhale kanthu?"

"Ngakhale kanthu."

Munthu amene anayendetsa maliro ambiri m'mudzimo, wodziwa woyamba kuuzidwa ndi womaliza, wodziwa nyimbo yotulutsira ndi yotsitsira, anapezeka kuti sakudziwa chochita. Kwa amfumu akanena kuti wamwalira ndani? Adzukulu akakumba chiyani? Ngakhale mtayo, mwana wobadwa wakufa, amakhala ndi amayi achikulire omunyamula m'kansalu kupita naye kumanda mwakachetechete. Uyu analibe ngakhale zimenezo. Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

"Ndalakwa ine, Yunisi," anatero. "Unandiuza kuti ulibe ena. Ndinamva, koma sindinamvere."

"Ndinasaina ndi ine amalume. Dzanja linali langa. Ndinkafuna kusunga. Ndikanakuuzani."

"Ndikanakukaniza."

"Ndikudziwa."

Anakhala choncho onse awiri, wina chogwada, wina chokhala m'matope. Kenako Yunisi anakonza mpango wake n'kunena chomwe anabwerera.

"Sindikufuna nyimbo, sindikufuna anthu. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mumutche dzina."

"Mwanawe, wosabadwa satchedwa dzina. Ukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma ndikamapemphera ndimatchula Kelvin, ndimatchula Thandiwe, ndikafika pa iyeyu ndimasowa chonena. Ndimangoti wachitatu uja, ngati nambala ya m'kalata. Ana a m'mbumba mwathu amatchedwa ndi inu. Mutcheni."

A Chikoti anayesa mumtima maina a m'Baibulo, anayesa a makolo, onse ankaoneka ngati a eni ake. Anafunsa ngati anali mwamuna kapena mkazi, Yunisi anati sanalembe. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, ndipo Yunisi sanawafulumize.

"Atenge langa," anatero pomaliza.

"Nanga ngati anali mkazi?"

"Atenge basi. Ine ndilibe nalo ntchito."

Yunisi, yemwe chibadwire anali asanatchulepo dzina la amalume ake pamaso pawo, analitchula kamodzi, chapansipansi, osawayang'ana iwo.

"Yesaya."

Anawombanso m'manja, anadzuka, anasasa dothi m'mawondo, n'kunena kuti athamange chifukwa ana a Sitandade 1 anawasiya ndi mphunzitsi wa kalasi ina. A Chikoti anafuna kumuperekeza mpaka kumsewu, koma anangokhala m'matope momwemo n'kumamuyang'ana akukwera njinga yamoto ija.